Tsiku Limene Kompyuta ya Bryson Inayankhula

Faines anabwera kuchokera ku msika wa ku Dzaleka Lachiwiri madzulo, dengu la mbatata lili lopanda kanthu, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Asanatule n'komwe denguyo, mwamuna wake Bryson, amene anali pakhonde akuswa mtedza, anatambasula dzanja kumene kunkamveka mapazi.

"Mwabwera nako?"

"Ngakhale moni, bambo a Diana?"

"Mwayenda bwanji, aNankhoma? Mwabwera nako?"

Faines anaseka. Anamasula mfundo ya kumsonga kwa chitenje chake n'kutulutsa kafulashi, kachipangizo kakang'ono kosaposa chala kosungiramo zinthu za pa kompyuta. Anakaika m'dzanja la mwamuna wake, ndipo iye anakafumbata ngati mwana amene wapatsidwa switi.

Bryson anakhala zaka zambiri akukonza makompyuta pa boma la Dowa. Anthu a m'maofesi, aphunzitsi ndi abusa ankadziwa kashopu kake. Kenako matenda a shuga anayamba kumudya maso. Poyamba ankangoona ngati nkhungu ya m'mawa ya kumapiri a Ntchisi, yoti dzuwa likakwera ichoka, koma yake sinachokenso. Anatseka shopu, iye ndi mkazi wake n'kubwerera kwawo kwa Faines ku Msakambewa, pafupi ndi magolosale kumene magetsi anafika. Pa katundu yense wa m'shopu anasungako kompyuta imodzi yokha, yakuda, yolemera ngati chigubu cha madzi. Faines anaiika pakona m'chipinda chochezera, anaifunditsa nsalu yoluka, pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki. Ankaikhudza pokhapokha akamapukuta fumbi.

Amene anadzutsa nkhani ya kompyutayo anali Abrahamu, mnzake wa Bryson wochokera ku Congo, yemwe ankakonza mafoni ndi makompyuta ku Dzaleka. Kale ankasinthana zipangizo, ndipo Bryson atasiya kuona, Abrahamu sanasiye kumuimbira. Tsiku lina anamuuza za pulogalamu imene imawerenga mokweza chilichonse cholembedwa pa sikirini, moti munthu wosaona amatha kulemba, kuwerenga ndi kufufuza zinthu yekha. Koma pulogalamuyo inkafuna sisitemu yatsopano, ija imene imayendetsa zonse m'kompyuta, ndipo sisitemu yatsopanoyo inkakana makompyuta akale ngati ya Bryson. Abrahamu anati mubwere nayo kuno ndikuchitireni. Bryson anakana. Anati akungofuna fulashi, zotsalazo achita ndi manja ake.

"Akuti akonza kuti isamafunse zaka za kompyuta," anatero Faines akuvula nsapato. "Koma akuti muyambe mwalowa mu chiyani kaya, dzina lake lija ngati la munthu. Bayosi."

"Eya, bayosi."

"Ndi chiyani chimenecho?"

Bryson anapukuta manja pa buluku. "Kompyuta ikangoyaka, isanachite chilichonse, imayamba yafunsa kaye kumeneko. Ndiyambire pati, ndilole chiyani, ndikane chiyani. Malamulo ake amakhala m'menemo. A yathuyi ndi akalekale, ndiye tikapanda kuwasintha, fulashiyi aziiona ngati mlendo wosadziwika."

"Ndiye musinthatu."

"Vuto lake ndi limodzi. Bayosi siyankhula. Palibe pulogalamu imene imalowamo kukawerengera munthu. M'menemo mumafunika maso."

Faines anamva kumene nkhani inkalowera. Iye sukulu analekezera Fomu 1, ndipo Chingerezi ankachiwerenga mochita kugawa mawu pakati. Anati adikire Diana, mwana wawo wamkazi amene anali ku sekondale yogonera komweko, adzathandize patchuthi. Kapena aitane aphunzitsi a pasukulu yapafupi.

"M'mawa uliwonse mumandiwerengera kamakina koyezera shuga," anatero Bryson. "Simunalakwitsepo. Maso amene ndimawadalira ndi omwewo."

"Kamakina kaja kamangolemba manambala."

"Iyinso imangolemba zilembo."

M'mawa mwake Faines anayanika soya pamphasa panja, anathamangitsa nkhuku, kenako analowa m'nyumba n'kuchotsa maluwa ndi nsalu pa kompyuta. Bryson analumikiza zingwe zonse yekha mopapasa, chilichonse pabowo pake, osalakwitsa ngakhale chimodzi. Faines ankangomuyang'ana. Panali patapita nthawi yaitali asanaone manja a mwamuna wake akuyenda mwachangu chotero. Anakokera mpando wina pafupi n'kukhala moyang'anizana ndi sikirini, manja ali pamiyendo ngati ali m'tchalitchi.

"Ndikayatsa, pabwera chithunzi," anatero Bryson. "Pansi pake palembedwa timawu ting'onoting'ono tonena batani lolowera mu bayosi. Ndaiwala kuti iyiyi imafuna liti. Muwerenge msanga, chifukwa sitikhalitsa."

Anadina. Kompyuta inalira ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, sikirini inawala, timawu tinaoneka, ndipo Faines asanatsegule pakamwa tinali titapita.

"Tathawa."

"Tiyambirenso."

Ulendo wachiwiri anangogwirako chilembo choyamba. Anadzudzula kompyutayo kuti ilibe mwambo, ikuyankhula ngati munthu wothamangira basi. Kenako anasendera pafupi mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi, chala chili chire pakona pamene timawu tinkatulukira.

"F ndi 2."

Bryson anayatsanso, chala chake chikugogoda batanilo mofulumira ngati nkhuku ikujompha chimanga. Sikirini inasanduka yabuluu yonse, mizere ya mawu oyera ili ndandanda.

"Kwachita buluu," anatero Faines. "Ndaononga?"

"Talowa, aNankhoma. Tili m'kati. Tawerengani pamwamba penipeni."

Faines anawerenga pang'onopang'ono, akutsatira ndi chala. Liwu lomaliza linamudabwitsa.

"Boot. Buti ya kuphazi?"

"Kalembedwe ndi komweko, koma apa akutanthauza kudzuka kwa kompyuta."

"Azungu analibe mawu okwanira eti."

Bryson anamusonyeza mabatani anayi a mivi, wopita kumwamba, pansi, kumanja ndi kumanzere, ndi batani lalikulu lovomereza. Poyamba ankadina yekha, Faines n'kumanena pamene kuwala kosonyeza mzere wosankhidwa kwaima. Koma zinkachedwa, chifukwa Bryson ankapitirira mzere Faines asanamalize kuwerenga. Mapeto ake Faines anakankha dzanja la mwamuna wake n'kuikapo lake. Anadina kamodzi mwamantha, kuwala kunatsika mzere umodzi, ndipo palibe chimene chinaphulika. Anadinanso.

Anafika pa mzere wina n'kuima. Kumapeto kwake kunali liwu limene ankalidziwa. Analimva koyamba kuchipatala, anthu ovala zoyera akukambirana za mwamuna wake ngati iye palibe.

"Mwaima bwanji?" anafunsa Bryson.

"Apa palembedwa Disabled."

"Werengani, musaope. Ameneyo ndi mbale wanga." Bryson anaseka yekha, kenako anafotokoza. "Kuno liwulo limangotanthauza kuti chinthucho chazimitsidwa. Mukadina kamodzi chimasanduka Enabled, chayaka."

"Bwenzi nanunso muli ndi batani lotero."

"Ndi limene tikulifunali."

Anapitiriza. Bryson ankatchula chinthu, Faines n'kuchifunafuna. Anazimitsa lamulo louza kompyuta kuti izidzuka mothamanga osayang'ana zimene zalumikizidwa. Anasintha kadzukidwe kake kuchoka pa kakale, kolembedwa Legacy, kupita pa katsopano ka zilembo zinayi zimene Faines anazitchula chimodzichimodzi, U, E, F, I. Anasinthanso mmene kompyuta imayankhulirana ndi disiki yake yosungira zinthu. Anakweza fulashi kuti ikhale yoyamba kufunsidwa kompyuta ikamadzuka. Chilichonse chikatheka, Bryson ankamenya tebulo pang'ono ndi chikhato.

Chinatsala chimodzi, mlonda amene amakana chilichonse chimene sakuchidziwa. Dzina lake linali Secure Boot, ndipo ankayenera kuzimitsidwa kuti fulashi ya Abrahamu ilowe. Bryson anati ali pa tsamba la chitetezo. Faines anapita pa tsambalo, anawerenga mizere yonse, koma dzinalo panalibe.

"Lilipo. Yang'anani bwino."

"Ndayang'ana. Palibe."

"Mukudumpha mizere."

"Sindikudumpha."

"Amayi inu, ndakonza makompyuta otere osawerengeka. Likhala pamenepo. Ingowerengani zimene zalembedwa, osati zimene mukuganiza."

Mawuwo anatuluka mokweza kuposa mmene Bryson ankayankhulira masiku onse. Faines anachotsa dzanja pa mabatani.

"Ndiye onanitu nokha," anatero.

Atangotero anamva kuwawa kwa mawu akewo, koma anali atatuluka kale. Anadzuka n'kupita panja. Nkhuku zinali zitabwerera pa soya. Anazithamangitsa mwaukali woposa mlandu wake, kenako anagwada n'kuyamba kutembenuza soya ndi manja. Kutsidya, mapiri anali atayamba kufiira udzu, ndipo pamsewu ngolo yodzaza mabelo a fodya inkatsika pang'onopang'ono.

Patapita kanthawi anamva ndodo ikugogoda pakhomo. Bryson anatsika khonde, anapapasa m'mphepete mwa mphasa ndi phazi, n'kukhala pansi pafupi naye. Anatenga soya pang'ono n'kuluma kamodzi.

"Sanaume," anatero.

"Ndikudziwa."

"Ndaganiza bwino. Imene ndimakumbukira ija inali ya kusukulu ina, si iyi ayi. Ndakukalipirani pa chinthu chimene inu mumanena zoona. Pepani."

"Inenso pakamwa panathamanga."

"Panathamanga ndithu. Koma munalasa."

Onse anaseka, Faines akupukuta m'maso ndi msonga ya chitenje. Anamugwira dzanja n'kumudzutsa.

Atabwerera, Faines anati asamuuze kopita, angomusiya ayende yekha tsamba ndi tsamba. Anawerenga chilichonse mokweza, ngakhale zimene sankazimva. Atafika pa tsamba la buti lija, anaona kamuvi kakang'ono m'mphepete, koloza pansi, ngati kakuti kunsi kuno kulinso zina. Anadina muvi wotsika mpaka kupitirira mzere umene unkaoneka ngati womaliza. Tsamba linasuntha, ndipo mizere ina yobisika inatulukira.

"Ndamupeza mlonda wanu. Anabisala kunsi."

"Akuti chiyani?"

"Enabled."

"Mugoneke."

Faines anamugoneka. Kenako anadina batani losunga zonse, kompyuta inafunsa ngati akutsimikiza, iye anavomera. Sikirini inada, inawalanso, ndipo m'malo mwa buluu uja panabwera timadontho toyera tikuzungulirazungulira. Kafulashi kanayamba kuphethira kuwala kofiira. Faines ananena zonsezi, ndipo Bryson anaimirira n'kuvina pang'ono pomwepo, mapewa okha, ndodo ili m'mwamba.

Sisitemu yatsopano sinafunse zaka za kompyuta. Inafunsa chinenero, inafunsa dziko, ndipo Faines anasangalala kupeza Malawi pakati pa mayiko ambirimbiri. Kenako inayamba kudzikopera yokha, nambala ikukwera pang'onopang'ono. Inali itadutsa theka pamene kulira kwa njuchi kuja kunaleka mwadzidzidzi. Sikirini inachita bii. Kumagolosale, chigayo chimene chinkalira kuyambira m'mawa chinakhalanso chete.

"Magetsi," anatero Bryson.

"Zonse zija zapita?"

"Zokopera zokha. Za mu bayosi zimakhala. Akabwera tingoyambira pa fulashi."

Anadya mbatata yophika ndi tiyi wopanda shuga pakhonde. Bryson anali wosangalala moti anayamba kufotokoza za makompyuta amene anakumana nawo, ina imene anapezamo chisa cha mbewa ndi ana ake, ina imene mwini wake ankaithira mafuta a makina osokera kuti izithamanga. Nkhani zimenezi Faines anazimvapo kale, koma kuyambira pamene anasamuka ku boma Bryson sanazikambenso.

Dzuwa litapendeka, chigayo chinayambanso kulira. Analowa m'nyumba mothamanga. Bryson anayatsa, koma m'malo mwa timadontho tija, kompyuta inalira kawiri ngati mwanapiye n'kuima pa sikirini yakuda ya mawu ochepa. Faines anawerenga. Inkadandaula kuti tsiku ndi nthawi sizili bwino. Atalowanso mu bayosi, anapeza kuti zonse zimene anasintha zabwerera mwakale. Mlonda uja anali atadzukanso.

"Ndiye pamwambapa ikuti tili mu Januwale 2013," anatero Faines.

"Chaka chimene tinafolera nyumba ndi malata."

"Chomwecho."

"Ngati tili m'chaka chimenecho, ndiye kuti ndikuonatu. Bwanji simunandiuze?"

Faines anamumenya paphewa. Mumtima anali atagwa ulesi, koma Bryson sankaoneka wokhumudwa ngakhale pang'ono. Anati akudziwa chimene chavuta. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kakang'ono kamene kamasunga malamulo a bayosi magetsi akazima. Ka iyiyi kanatha mphamvu pa zaka zimene inakhala pansi pa maluwa, ndiye magetsi akangochoka imaiwala zonse.

Anazula chingwe kukhoma, anamasula zomangira ndi sikuludiraiva imene ankaisunga m'thumba la jekete, n'kutsegula chivundikiro cha m'mbali. Fumbi linatuluka, Faines anayetsemula. Zala za Bryson zinayenda m'katimo mosamala, kudutsa tizingwe ndi tizitsulo, mpaka zinaima pa kanthu kozungulira, kowala ngati ndalama yachitsulo. Anakatomola ndi chikhadabo.

Faines anakatembenuza m'dzanja. "Aka ndikukadziwa. N'kofanana ndi ka m'makina a shuga."

"Werengani nambala yake."

Anawerenga, kenako anakatenga kamakina koyezera shuga kuchipinda, anatsegula kumbuyo kwake n'kuwerenganso. Zinali zofanana. Bryson anatambasula dzanja, koma Faines anabweza kamakinako pachifuwa.

"Ayi. Aka ndi ka moyo wanu."

"Tingobwereka. Mawa mugula kena kugolosale."

"Mukakomoka usiku ndikuyezani ndi kompyuta?"

"Sindikomoka. Lero ndili bwino kuposa masiku onse."

Faines anaganiza. "Bweretsani chala. Ndiyambe ndakuyezani. Nambala ikakhala yoipa, kompyuta idikira mawa."

Bryson anapereka chala ngati mwana wa sukulu wolandira chilango. Faines anabaya, anadontheza magazi pa kapepala, onse n'kudikira. Nambala inatuluka yabwino. Faines anaitchula monyinyirika, anachotsa kabatire n'kukapereka, ndipo anatumiza uthenga kwa mwini golosale kuti amusungire kena asanatseke.

Atatseka chivundikiro n'kuyatsanso, Bryson anatsegula pakamwa kuti ayambe kutchula zoyenera kusintha. Koma anamva mabatani akulira kale. Faines anali atadina yekha batani lolowera, anakonza chaka ndi tsiku, kenako anayenda tsamba ndi tsamba, akung'ung'udza nyimbo ya kuchigwirizano. Kothamanga kuja anazimitsa, kadzukidwe anasintha, disiki anaikonza, fulashi anaikweza pamwamba. Anatsikira kunsi kobisika kuja n'kugonekanso mlonda. Bryson anangokhala, mutu utapendekera kumene kunkachokera phokosolo, akumwetulira.

"Simunaiwale chilichonse?" anafunsa.

"Munda ukaupalira kamodzi, sufunsanso malire."

Ulendo uno magetsi sanawasokoneze. Nambala inakwera mpaka kumapeto, kompyuta inazima n'kudziyatsa yokha kangapo, ndipo nthawi iliyonse Faines ankada nkhawa mpaka Bryson atamuuza kuti ndi mmene zimakhalira. Ali m'kati modikira, Faines analowetsa soya m'nyumba. Ndi nthawi imeneyo pamene Anjelina, mkulu wake wa Faines amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo, anabwera kudzabwereka lichero. Ataona awiriwo atakhala moyang'anizana ndi sikirini, anaiwala za lichero n'kukhala pa mkono wa mpando.

"Alamu, mukuonera chiyani inu?" anafunsa Anjelina.

"Ndikuonera mng'ono wanu akugwira ntchito ya boma."

Pomaliza pa sikirini panabwera chithunzi chowala, chokongola, ndi tizithunzi ting'onoting'ono m'munsi. Faines anathandiza kutsegula pulogalamu yowerenga ija, imene Abrahamu anaiika pa fulashi yomweyo. Bryson analumikiza masipika, anapukuta zala, anadina mabatani angapo nthawi imodzi. Kenako m'chipindamo munamveka mawu a mzimayi, omveka bwino, akuyankhula Chingerezi mothamanga.

Anjelina anadumpha pa mpando. Bryson anadina muvi, mawuwo anatchula chinthu china. Anadinanso, anatchulanso china. Anayenda choncho pa sikirini yonse, uku ndi uku, akumvetsera, ndipo Faines anaona kuti sakumufunsanso kuti kuwala kwaima pati. Misozi inkatsika m'masaya mwa Bryson koma iye sanaipukute, chifukwa manja onse anali pa mabatani.

"Ndiye tsiku lonseli ndimavutikira kulowetsa mkazi wachizungu m'nyumba mwanga," anatero Faines.

"Wamkulu ndinu, aNankhoma. Uyu azingowerenga."

"Aziphikanso. Asamangoyankhula."

Bryson anatsegula tsamba lolembapo. Zala zake zinapeza malo ake pa kiyibodi popanda kufunafuna, ndipo chilembo chilichonse chimene ankadina, mzimayi uja ankachitchula. Atamaliza mzere, anamuuza kuti awerenge wonse. Mzimayiyo sankadziwa Chichewa, ndiye anachiwerenga mmene akanawerengera Chingerezi.

"Zaikomo ana-nik-homa."

Anjelina anagwa pansi ndi kuseka. Faines anayang'ana pa sikirini, anawerenga yekha mawu akuti zikomo aNankhoma, n'kubisa nkhope m'chitenje. Anjelina anapempha kuti alembenso dzina lake, kenako la mwamuna wake, kenako la mbuzi yake, ndipo lililonse linkatuluka lopindika kuposa linzake. Phokoso la kuseka linakoka anthu a nyumba zapafupi, moti pakhomo panadzaza mitu. Mayi wina anafunsa ngati mzunguyo amamva akapatsidwa moni. Bryson anati amuyese, ndipo mayiyo anagwadadi pang'ono n'kupereka moni, anthu n'kusekanso.

Dzuwa lisanalowe anaimbira Abrahamu. Bryson anangoika foni pafupi ndi sipika n'kudina muvi. Kumbali inayo kunamveka kuomba m'manja ndi mawu ambiri a Chiswahili, kenako Abrahamu anafunsa m'Chichewa chake chopotoka kuti ndani anamulowera mu bayosi.

"Mayi a Diana."

"Okha?"

"Kawiri. Kachiwiri sindinayankhule n'komwe."

"Ndiye Lachiwiri asabwere ndi mbatata zokha," anatero Abrahamu. "Ndili ndi ina pano yandikanika."

Masabata otsatira, kompyuta sinafundenso nsalu. Bryson ankadzuka m'mawa, kuyezetsa shuga, kenako n'kukhala pa makina mpaka Faines atamukakamiza kutuluka kukaothera dzuwa. Anaphunzira kufulumizitsa mawu a mzimayi uja mpaka ena onse ankangomva ngati mpheta zikukangana, koma iye ankamva zonse. Analembera Diana uthenga woyamba wolemba yekha, ndipo mtsikanayo anayankha kuti sakukhulupirira mpaka adzaone ndi maso. Anthu anayambanso kubwera ndi makompyuta, wina pa njinga, wina atasenza pamutu. Ntchito inagawika yokha. Ya pa sikirini yabuluu inali ya Faines, ya m'kati mwa chitsulo ndi yonse yotsatira inali ya Bryson. Akasemphana maganizo, Faines ankawerenga tsamba lonse mokweza, ndipo nthawi zina wolondola ankakhala iye, nthawi zina mwamuna wake.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira, mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya kumapiri a Ntchisi anaimba foni. Anati ali ndi makompyuta akale amene anapatsidwa ndi anthu akufuna kwabwino, koma onse akukana sisitemu yatsopano, ndipo ena anamuuza kuti angowataya. Anatinso pasukulupo pali ana angapo osaona amene sanakhudzepo kompyuta. Anafunsa ngati a Bryson angabwere. Bryson anati abwera anthu awiri, ndipo onse ndi amisiri.

Ananyamuka m'mawa pa njinga yamoto ya kabaza, Bryson pakati, Faines kumbuyo atakumbatira chikwama cha zipangizo. Msewu unali wa mabampu, ndipo pokwera chitunda njingayo inkalira ngati ikufuna kubwerera. Faines anali asanapiteko kumbali imeneyo. Ankafuula m'khutu mwa mwamuna wake zimene ankaona, minda ya mbatata yotsetsereka, nkhalango yakuda pamwamba pa phiri, amayi atasenza nkhuni m'kanjira kopyapyala.

Atafika pasukulupo anapeza ana atafola pakhomo la kalasi. Mphunzitsi wamkulu anawalandira, anawalowetsa m'chipinda mmene makompyuta anali ataunjikidwa pakona, ndipo anafunsa kuti ayambira iti.

Bryson anatembenukira kwa mkazi wake. Faines anavula juzi, anaipachika pa mpando, n'kuloza imene inali pamwamba.

"Titsitsireni iyo. Ana alowe, akhale pafupi, azimva zimene tikuchita."